Telesikopu yaing'ono pansi pa thambo la ku Kasungu: zomwe mungaone ndi momwe mungazipezere

Anthu ambiri akapeza telesikopu yawo yoyamba, kaya agula kaya m'bale wawabweretsera kuchokera ku Joni, usiku woyamba umathera m'kukhumudwa. Aloza kumwamba, aika diso, koma mukungooneka mdima bii, kapena chinthu choyera chonjenjemera chosadziwika mutu wake. Kukacha chipangizo chija chabwerera m'katoni, pansi pa bedi. Kawirikawiri telesikopuyo imakhala ilibe vuto. Chimene chimalakwika ndi kayambidwe: munthu wathamangira kukuza chithunzi kwambiri, sanawongole kolozera (kachubu kakang'ono ka pamwamba pa telesikopu kothandiza kulunjika), ndiponso amayembekezera zithunzi zamitundumitundu zonga za pa Facebook. Zithunzi zimenezo zimajambulidwa ndi makamera otolera kuwala kwa maola ambiri. Diso lanu lidzaona zinthu zazing'ono, zambiri zotuwa, koma zenizeni, ndipo zina mwa izo munthu wa ku London sangazione ngakhale atakhala ndi chipangizo chodula motani, chifukwa kwawoko sizituluka n'komwe.

Yambani ndi manambala awiri

Pathupi pa telesikopu pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo D=70mm ndi F=700mm. Yoyambayo ndi kukula kwa galasi lotolera kuwala, ndipo ndiyo yofunika koposa. Zing'onozing'ono zambiri zimakhala za 60, 70 kapena 80mm ngati zili za lenzi kutsogolo, ndi 114 kapena 130mm ngati zili za kalilole pansi pa chubu. Nambala yachiwiri ndi yowerengera kukuza kwa chithunzi.

M'katoni mupezamo tizidutswa tiwiri kapena titatu tomwe mumaikapo diso, totchedwa eyepiece, tolembedwa 25mm kapena 20mm, 10mm, mwinanso 4mm. Gawani nambala ya F ndi nambala ya eyepiece. Telesikopu ya 700mm yokhala ndi eyepiece ya 25mm ikukuza ka 28. Ndi ya 10mm ikukuza ka 70. Onani kuti nambala yaikulu ya eyepiece ndiyo ikuza pang'ono. Apa ndi pomwe oyamba kumene amasokonezeka.

Malire ake ndi awa: chulukitsani nambala ya D kawiri. Ya 70mm singapitirire 140 chithunzi chili chabwino, ndipo masiku ambiri mpweya wakumwamba sulola ngakhale kufika pamenepo. Mukaona pakatoni palembedwa 525x, musatengeke nazo. Kukuza kotero kumangofutukula chithunzi chosaoneka bwino, monga momwe chithunzi cha pafoni chimaphwanyikira mukachikoka ndi zala. Eyepiece ya 4mm ija, ndi kachubu kolembedwa Barlow 3x, zisungeni kaye m'katoni momwemo. Mwezi woyamba wonse mungathe kuutha ndi 25mm ndi 10mm basi.

Ntchito ya masana

Musayambe usiku. Mangani telesikopu masana, muli phee, mukuona sikuluwu iliyonse. Ikani eyepiece ya 25mm, lozani chinthu chomwe chili kutali, kosachepera theka la kilomita: nsanja ya netiweki, nsonga ya mtengo wa bulugamu, kapena thanthwe la pamwamba pa phiri la Kasungu ngati muli pa boma. Potokolani kagudumu ka fokasi pang'onopang'ono mpaka chithunzi chiyere. Chikaoneka chozondoka, kapena kumanja kwasanduka kumanzere, musadandaule, umo ndi momwe magalasi ake amagwirira ntchito. Kumwamba kulibe chozondoka.

Tsopano mangani zomangira zonse kuti chubu chisasunthe, nsonga ya nsanja ija ili pakati penipeni. Suzumirani mu kachubu kolozera kamene kali pamwamba pa chubu chachikulu. Mupeza kuti kakuloza kwina. Potokolani tizomangira take ting'onoting'ono mpaka pamene mizere yopingasa, kapena kadontho kofiira, pagwera pa nsonga yomweyo. Bwererani ku eyepiece mukaone ngati sizinasunthe, kenako ikani ya 10mm n'kubwerezanso. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi ndiyo imasiyanitsa munthu wopeza Jupiter m'masekondi ochepa ndi wina wosesa thambo ola lathunthu osapeza kanthu.

Pochita zimenezi fulatirani dzuwa. Musaloze telesikopu kudzuwa ngakhale kamphindi, kaya kudzera mu kolozera, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira. Magalasi akuda, galasi lodetsedwa ndi mwaye, CD, kapena kafyuluta kolembedwa SUN komangira pa eyepiece, zonsezi sizitchinjiriza. Kafyulutako kamatha kusweka ndi kutentha diso lili pomwepo. Musasiye telesikopu panja masana pali ana.

Ngati miyendo ya telesikopu yanu ili ndi chitsulo cholemera cholendewera ndi sikelo ya madigiri, ndiye kuti ndi yotsata kuzungulira kwa thambo. Ikani sikeloyo pa 13, chifukwa Kasungu ali pa madigiri 13 kumwera kwa equator, ndipo mutu wake muulozetse kumwera. Kabuku kam'katoni kadzakuuzani kuti mulunjike nyenyezi ya Polaris, koma kanalembedwera anthu a kumpoto kwa dziko lapansi. Kuno Polaris ili kunsi kwa nthaka.

Nyengo ndi malo

Thambo lokoma kwambiri limabwera mvula ikangotha, kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Mvula yatsuka fumbi, mitambo yachepa, ndipo usiku wa Juni nyenyezi zimachita kuti ngwee mpaka pansi. Valani juzi ndi chipewa, chisanu chake si chamasewera ukakhala malo amodzi maola awiri. Kufika Seputembala ndi Okutobala, utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimaphimba mmunsi mwa thambo, choncho yang'anani zinthu zikakwera pamwamba. M'dzinja musataye mtima: usiku wotsatira mvula yamphamvu, mitambo ikang'ambika, thambo limayera kuposa nthawi ina iliyonse.

Mwezi ndi mapulaneti mungazione muli pakhomo panu m'tauni. Zinthu zofooka zimafuna mdima, kutali ndi mababu a pa msika ndi magalimoto a mu M1. Wokhala ku Chulu, ku Santhe kapena ku Chamama ali kale ndi mdima umene anthu a m'mizinda ikuluikulu amalipira ndalama kuti akaupeze. Ngati muli cha kumalire a Kasungu National Park, khalani pabwalo la pakhomo, musalowere kutchire usiku. Ndi bwinonso kuuza anansi ndi amfumu zomwe mukuchita, makamaka kuwaitana adzaone nawo mwezi tsiku loyamba, pakuti munthu woima mumdima ndi chinthu chachitali cha miyendo itatu amadabwitsa amene sakudziwa.

Imikani telesikopu padothi kapena paudzu. Musayang'anire pawindo, ndipo musaloze modutsa pamwamba pa denga la malata kapena pa moto wa kukhitchini. Malata amatulutsa kutentha kwa masana mpaka usiku, ndipo mpweya wotenthawo umavinitsa chithunzi ngati mwala wa pansi pa madzi oyenda. Tulutsani telesikopu mphindi 20 kapena 30 musanayambe kuti izizire mofanana ndi panja. Miyendo musaitalikitse yonse, ndipo pakati pake lendewetsanipo botolo la malita awiri a madzi kapena jumbo ya mchenga. Kunjenjemera kumachepa ndithu. Khalani pampando kapena pa mtondo wovundikira. Munthu wokhala pansi amaona zambiri kuposa wowerama msana ukuwawa.

Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa foni kumafafaniza zonsezo m'kamphindi. Kulungani tochi ndi pulasitiki yofiira, muimange ndi mphira. Pafoni ikani pulogalamu yoonetsa mapu a thambo yotchedwa Stellarium, yomwe ili ndi mtundu waulere; iuzeni malo anu, muyatse kuwala kwake kofiira. Ndi yomwe ikuuzeni kuti pulaneti yakutiyakuti ili kuti lero, chifukwa mapulaneti sakhala malo amodzi chaka ndi chaka.

Mwezi

Yambirani pano. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 ndipo palibe china kumwamba chimene telesikopu yaing'ono imachionetsa bwino chotere. Cholakwika chofala ndi kudikira mwezi wathunthu. Tsiku limenelo dzuwa limauwalira molunjika, mithunzi palibe, ndiye umangooneka mbee ngati ufa pamphasa, n'kumathobwa m'maso. Nthawi yabwino ndi kuyambira tsiku lachitatu mwezi utakhala mpaka lakhumi, ndipo poyang'ana pake ndi pamalire a kuwala ndi mdima. Pamenepo dzuwa likungotuluka kumene pamwezipo, mithunzi ndi yaitali, ndipo phiri lililonse ndi dzenje lililonse zimaima poyera.

Malire amenewa amasuntha usiku uliwonse, ndiye tsiku lililonse mumaona dziko latsopano. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mudzaona chigwa chakuda chozungulira cha Mare Crisium chili chokhachokha cha kumphepete. Mbali yamdima ya mwezi idzaonekanso motuwa. Kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa komwe kwagunda dziko lathu n'kubwerera kumwezi. Pa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi pamatuluka dzenje la Theophilus, la makilomita pafupifupi 100, lokhala ndi phiri pakati. Mwezi ukafika theka, funani mzere wa mapiri a Apenninus, wautali makilomita ngati 600, wopindika ngati chikwakwa. Masiku awiri otsatira pamabwera Clavius, dzenje loposa makilomita 220 m'mimba mwake, kutalika kuposa ulendo wochoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe, ndipo mkati mwake muli maenje ena ang'onoang'ono ondondozana. Kenako Copernicus, wa makilomita 93, amene makoma ake ali ndi masitepe ngati migula ya m'phiri. Chimodzi chokha choyenera mwezi wathunthu ndi Tycho, chifukwa mizere yoyera yochokera pa dzenjeli imamwazika mtunda wautali zedi.

Maenjewa anakumbidwa ndi miyala yogwa kuchokera mumlengalenga, ndipo poti kumwezi kulibe mvula kapena mphepo, sakwiririka. Madera akudawo ndi chiphalaphala chouma, mulibe madzi. Limodzi mwa iwo, Mare Tranquillitatis, ndi pomwe Apollo 11, chombo chimene chinafikitsa anthu oyamba pamwezi, inatera mu Julayi 1969. Derali mudzaliona, koma mbendera imene anazika kumeneko ayi; chaching'ono chomwe 70mm ingaonetse pamwezi ndi cha makilomita angapo.

Yambani ndi 25mm, ikani chomwe mukufuna pakati, kenako sinthani muike 10mm n'kukonzanso fokasi. Mudzaona chinthucho chikuyenda n'kutuluka m'mphepete pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri. Telesikopu siinasunthe, ndi dziko lomwe likuzungulira. Kankhani chubu pang'ono, chotsani dzanja, dikirani kunjenjemera kuthe. Chikakutayikani, bwererani ku 25mm.

Mapulaneti

Pulaneti imadziwika poti siphethira ngati nyenyezi, imangowala chikhalire. Mwayi wathu kuno ndi wakuti mapulaneti amadutsa pamwamba kwambiri, pomwe mpweya woti kuwala kudutsemo ndi wochepa. Dikirani pulaneti ikwere kufika theka la thambo musanaiweruze.

Jupiter mukamukuza ka 28 amaoneka kambale kakang'ono koyera, ndi timadontho mpaka tinayi tili pamzere umodzi. Imeneyo ndi miyezi yake: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo, katswiri wa zakumwamba wa ku Italy, anaiona mu Januwale 1610 ndi chipangizo chofooka kuposa chanucho. Io amazungulira m'maola pafupifupi 42, Callisto m'masiku pafupifupi 17. Tengani kope, mujambule malo ake 8 koloko, mujambulenso 11 koloko, ndipo mudzapeza kuti asuntha. Mukaona itatu yokha, umodzi wabisala kumbuyo kapena uli kutsogolo kwa pulanetiyo. Mukakuza ka 70 mudzaona mizere iwiri yoderapo yodutsa pakati, yomwe ndi mitambo. Poyamba imaoneka ngati palibe. Khalani pa eyepiece mphindi zisanu. Mpweya umadekha kamphindikamphindi, ndipo m'timphindi timeneto ndi momwe mizere imatulukira. Banga lalikulu lofiira lotchuka la m'mitambo ya Jupiter ndi lovuta kuliona pa telesikopu ya 70mm, musaumirire.

Saturn ndi wamng'ono kuposa momwe mukuganizira, ngati kanjere ka mpunga kogwiridwa patali, koma pa 70 mphete zake zimaoneka bwinobwino, zoyera ngati zojambula. Kapendekeke kake kamasintha. Mu Malichi 2025 zinationetsa mphepete, n'kutsala ngati kamzere, ndipo kuchokera pamenepo zikutseguka chaka ndi chaka mpaka cha m'ma 2032. Kadontho kapambali kowala pang'ono ndi Titan, mwezi wake waukulu, wozungulira m'masiku 16.

Nthanda, imene mabuku amaitcha Venus, siionetsa mapiri kapena maenje chifukwa inakutidwa ndi mitambo, koma imasintha ngati mwezi: nthawi zina theka, nthawi zina kachikwakwa. M'miyezi yomwe ikuoneka madzulo, iyang'aneni kachisisira dzuwa litalowa, thambo lisanade, apo ayi kuwala kwake kumamwazika. Mars amakhumudwitsa ambiri. Amayandikira dziko kamodzi pa miyezi 26, monga mu Januwale 2025 ndi Febuluwale 2027, ndipo kunja kwa nthawi zimenezo ndi kadontho kofiirira chabe.

Chuma cha kumwera

Izi zimafuna usiku wopanda mwezi ndi eyepiece ya 25mm. Poyeza mtunda kumwamba, tambasulani dzanja mukunge nkhonya: m'lifupi mwake ndi madigiri pafupifupi 10.

Pakati pa Meyi cha m'ma 9 koloko usiku, kapena mu Juni kukangoda, yang'anani kumwera. Nkhonya zinayi kuchokera pansi pali Mtanda wa Kumwera, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, utaimirira, ndipo kumanzere kwake kuli nyenyezi ziwiri zowala zoulozera. Yowala kwambiri mwa ziwirizo, yomwe ili kutali ndi Mtanda, ndi Alpha Centauri. Ikani 10mm, mukonze fokasi mosamala: si imodzi, ndi ziwiri zogundizana ngati nyali za galimoto ili kutali. Kuwala kwake kwayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo, ndipo palibe nyenyezi ina yooneka ndi maso yomwe ili pafupi nafe kuposa imeneyi, kupatula dzuwa.

Pafupi penipeni ndi nyenyezi ya mkono wakumanzere wa Mtanda pali kagulu kotchedwa Jewel Box, konga chilembo cha A, kokhala ndi nyenyezi imodzi yofiirira pakati pa zoyera. Pambali pake thambo lili ndi chigamba chakuda ngati thumba la makala. Umenewo ndi mtambo wa fumbi wotchinga nyenyezi za kumbuyo. Kumanja kwa Mtanda, nkhonya imodzi ndi pang'ono, kuli mtambo wowala wa Eta Carinae, wogawika ndi mpata wakuda. Dera lonselo ingoyendetsanimo telesikopu pang'onopang'ono, magulu a nyenyezi ali mbwee.

Kuchokera pa nyenyezi ya pamutu pa Mtanda, kwerani nkhonya imodzi ndi pang'ono chakumanzere. Mudzaona kanyenyezi kooneka ngati kosayera bwino. Mu eyepiece ndi mpira waukulu wotuwa ngati thonje. Ameneyo ndi Omega Centauri, chimulu cha nyenyezi mamiliyoni ambiri, ndipo kuwala kwake kwatenga zaka pafupifupi 17,000 kuti kufike m'diso lanu. Apa phunzirani luso limodzi: musayang'ane molunjika, yang'anani pambali pang'ono maganizo ali pa chinthucho. M'mbali mwa diso ndi momwe mumamva bwino kuwala kofooka, ndipo mpira uja udzakula n'kuyamba kuoneka ngati mchenga. Pa 114 kapena 130mm tinyenyezi ta m'mphepete timayamba kupatukana.

Mu Julayi, 9 koloko usiku, Mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni, pokhuthala pake pali pamwamba panu. Pezani nyenyezi yofiira ya Antares, mutsate mzere wopindika ngati mchira wa chinkhanira mpaka kumbola. Pafupi ndi mbolayo pali M7, gulu lowala lodzaza eyepiece yonse, ndipo chakumpoto kwake kuli mtambo wa M8.

Mu Okutobala ndi Novembala, kumwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo. Imeneyo ndi milalang'amba ina, Mitambo ya Magellan. Pambali pa waung'onowo pali 47 Tucanae, mnzake wa Omega Centauri, wowala kwambiri pakati. Mu waukuluwo, womwe kuwala kwake kwayenda zaka ngati 160,000, muli kachigamba kowala ka Tarantula. Tembenukani muyang'ane kumpoto, nkhonya zitatu ndi theka kuchokera pansi: pali mlalang'amba wa Andromeda, womwe kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Mudzangoona kautsi kotalika, osati zozungulira za pazithunzi. Nthawi yomweyo Nsangwe imakhala ikukwera kum'mawa. Maso amawerenga zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, 25mm ikuonetsani makumi angapo.

Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la nyenyezi lotchedwa Orion, amakhala pamwamba madzulo a m'dzinja, nthawi ya mitambo. Njira yozembera ndi kudzuka 4 koloko m'bandakucha mu Seputembala, pomwe amakhala atakwera kale kum'mawa. Kumwera kwa atatuwo kuli kamzere kena ka tinyenyezi tofooka. Kapakati ndi mtambo wa M42, momwe mukubadwa nyenyezi zatsopano, wotambasuka ngati mapiko a mbalame. Pa 70 mudzapeza tinyenyezi tinayi tothinana mkati mwake.

Zikavuta

Mukuona mdima wokhawokha: onani ngati mwachotsa chivundikiro chonse cha kutsogolo, osati kachibowo kapakati kokha, kenako onani kolozera, chifukwa kamasuntha mukagunditsa pakhomo. Nyenyezi ikuoneka ngati mpira waukulu kapena nkhata yokhala ndi bowo: fokasi yalakwika, potokolani mpaka ikhale kadontho kakang'onong'ono. Nyenyezi sikula mu telesikopu iliyonse, imangowala. Chithunzi chinali bwino koma chayamba chifunga: ndi mame agwera pagalasi, vuto la mu Juni ndi Julayi. Musapukute. Kulungani katoni kapena pepala lolimba kutsogolo kwa chubu kuti litulukire masentimita 15, mame amachedwa kufika. Ngati ndi ya kalilole ndipo nyenyezi zonse zili ndi mchira mbali imodzi ngakhale pakati pa chithunzi, akalilole asemphana ndipo akufunika kuwongola ndi zomangira zitatu za kumbuyo, pang'onopang'ono, motsata kabuku kake.

Mukalowa m'nyumba, siyani zivundikiro zotsegula mpaka chinyezi chiume, kenako tsekani. Lenzi musaipukute ndi malaya kapena chitenje. Fumbi lathu lili ndi mchenga ndipo limakanda galasi. Fumbi lochepa siliwononga chithunzi, lisiyeni, kapena lipemereni ndi kampira kopopera mpweya. M'dzinja sungani telesikopu pamalo ouma, osati pansi pasimenti kapena m'chipinda chosungira chimanga, ndipo m'katoni ikanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Chinyezi chikakhalitsa, pagalasi pamamera nkhungu yonga ulusi wa kangaude, ndipo ikadya utoto wa pagalasipo sichokanso. Kamodzi pamwezi tsegulani katoniyo pa tsiku louma, muunike lenzi ndi tochi chapambali, muone ngati muli ulusi woyera.